Nkhumba za a Mwale pa Gulu la Kwaya

Lolemba

Andisankha kukhala woyang'anira gulu la pafoni la kwaya yathu kuno ku Sinda. Ine, mphunzitsi wa giredi folo! Kalasi yodzaza mpaka pakhomo ndimaikwanitsa, kwaya ingandikanike?

Malamulo ndalemba pa buleki:
1. Pagulu pano nyimbo, mapulakatisi ndi maliro basi.
2. Wodandaula abwere kwa ine kumbali.
3. Dzina lake silituluka, ngakhale abusa afunse!

Anthu akutumiza tizithunzi ta manja opemphera. A Mwale, mkulu wa mpingo woimba besi, atumiza chithunzi cha nkhumba yogulitsa. "Yaikazi, yonona, ku Katete tibweretsa." Ndi yachinayi lero lokha.

Lachiwiri

Dandaulo loyamba! Lachokera kwa a Sakala, tena wathu, mkamwini wa a Mwale omwewo. Amakhala pamudzi pa apongozi, kuwayang'ana m'maso sangathe, nanji kuwadzudzula. Sanalembe ayi, ajambula mawu monong'ona: "Madamu, nkhumba zachuluka pa gulupu, bandulo ikutha. Koma chonde dzina langa lisamveke. Ine ndikhala pa eni ake."

Ndalumbira. Ndawalembera a Mwale mwaulemu wonse kuti wina wadandaula. Ayankha: "Winayo ndani?" Kenako: "Alibe dzina?" Kenako nkhumba ina.

Lachitatu

Kalanga ine, chala changachi!

Ku pulakatisi ndalumikiza foni ku sipika kuti timve nyimbo yatsopano. Ndadina polakwika. Tchalitchi chonse chamva: "Madamu, nkhumba zachuluka..." Mwayi wake kunong'ona sikudziwika kuti ndi kwa mwamuna kapena mkazi. Koma kumbuyo kwa mawuwo nkhumba ikulira, ndiye sipika yathu siinyengerera. Ndazimitsa msangamsanga.

A Mwale aimirira pang'onopang'ono. "Imeneyo ndi yaikazi yanga yakuda. Imalira choncho ikaona gaga."

A Sakala maso ali pa buku la nyimbo, koma aligwira chozondoka.

Lachinayi

Sindikukhazikika. Phunziro limodzi la masamu ndaphunzitsa kawiri, ana angondiyang'ana.

A Mwale alemba pagulu: "Wojambula anaima pakhola panga. Pakhomo panga a mafoni alipo atatu." Ndawawerenga ndekha: akazi awo, mwana wawo, mkamwini. Masamu osavuta, ngakhale wa giredi wani akhoza.

Foni ikungolira. Amayi ena oimba alito: "Ine sindiulula, mungondinong'oneza chabe." Wina wafunsa ngati dzinalo liyamba ndi S. Ndayankha ndi vesi. Ndakwiya nawo onse, makamaka nkhumbayo. Inalephera kudikira mphindi imodzi?

Lachisanu

A Sakala lero alemba, aphunzira. Akuti apongozi akuyesa aliyense wa pakhomo kunong'ona kuti "nkhumba zachuluka", iwo atatsinzina kumvetsera. Amayi apambana. Mwana wawo wapambana. "Mawa ndi ine, madamu. Nyumba yanga ya njerwa sindinafolere, dimba lili pa malo awo. Akandidziwa ndinyamula chikwama."

Zoti ndingachite:
kuponya foni m'chitsime (sizithandiza, anamva kale)
kunena kuti ndi mlendo wa ku Vubwi (anafika bwanji pakhola?)
kudwala

Ndasesa nyumba kawiri. Ndachapa zochapachapa. Ndinalonjeza ndine, ndipo chala ndi changa.

Loweruka

M'mamawa ndapalasa njinga mpaka kwa a Mwale, mayeso asanayambe. Ndagwada, ndapereka moni, ndanena kuti wonong'ona uja ndine. Ndinabwera Lachiwiri mozemba, ndinajambula pakhola kuti lioneke ngati dandaulo la munthu wina.

"Ndiye mudzitchula nokha madamu?"

Ndati ndinazolowera kusukulu.

Anditengera kukhola, akuti ndinong'one. Ine, mayi wamkulu, ndaima m'matope kunong'oneza nkhumba! Yakuda ija yalira pomwepo, mwina yaona chidebe. A Mwale agwedeza mutu. "Ndi yemweyo."

A Sakala akuthira madzi m'chomwera cha nkhumba, sanatembenuke. Madzi adzaza, akusefukira, iwo akuthirabe.

Bodza lonseli, mawa ndikaimba ndi pakamwa pomwepa. Manyazi andigwira mpaka m'mapazi.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi komiti yakhala pansi pa mtengo wa mango. Udindo andilanda. Wolowa m'malo amusankha a Mwale: "Mkamwini wanga, munthu wofatsa, miseche saidziwa." Onse aombera m'manja. Inenso ndaomba, ndikanatani?

Masana ndaona kuti andichotsa pagulu kwa masabata awiri. Akuti wina wadandaula kuti ndimabisala kumakola a anthu. Ndawafunsa a Sakala kuti winayo ndani.

"Pepani madamu. Lamulo lachitatu."

Chabwino. Sabata yonse ndakhala ndikufuna kuti ligwire ntchito, lero lagwira. Amayi a alito aja andiuza kuti pagulupo nkhumba zafika kale zisanu, ina yavala riboni.

Pakhonde ndapeza mtolo wa repu ndi tomato wa kudimba, wopanda dzina. Sindifunsa.