Kusaka Nthano Masana

Lolemba, 4 Malichi 1996

Tadala wabwera ndi ntchito ya kusukulu: Lolemba likubwerali mwana aliyense akanene nthano yakwawo, akanenenso amene anamuuza. Ndikumufunsa kuti akanena iti. Akuloza buku lobiriwira limene anampatsa agogo achizungu amene ndimawasamala usiku ku Bethesda kuno ku Amerika. Ati muli nthano za dziko lonse, za ku Afirika zomwe.

Mwana wa ku Ntcheu akanene nthano yobwereka, ine mayi wake ndili moyo? Ayi ndithu!

Wolemba bukulo ndi bambo wina wa ku Sikotilandi, anamwalira amayi anga asanabadwe. Agogo aja anagwira ntchito mulaibulale, ndiye amamukamba ngati mnansi. Ati analemba za miyambo ya mitundu ya anthu ndi za mizimu, nthano ankatola m'mabuku a anzake, zambiri ankamasulira ndi mkazi wake, dzina pachikuto n'kukhala la bambo. Amuna n'chimodzimodzi kulikonse.

Msikotiyo anatha kutola nthano ali khale pampando. Ine ndilephera bwanji?

Zofunika:
wailesi ya kaseti
mabatire
kaseti yopanda kanthu, ndifufuta ya kwaya
munthu wodziwa nthano

Lachiwiri, 5 Malichi

Ndiyamba ndine mwini. Ndaweruka, ndatsika sitima, ndakhala patebulo, ndadina kaseti. "Padangotelo." Basi, zii. Nyimbo yake ndikuikumbukira yonse, ya mtsikana wokana amuna. Koma ankawakaniranji? Anadzakwatiwa ndi njoka kapena fisi? M'mutu mwangodzaza mayina a mankhwala.

Kaseti yajambula ine ndikuyimba, kenako mkonono.

Bambo a Tadala ati iwo amadziwa imodzi yokha, ya Yona m'mimba mwa chinsomba. Atatero agona.

Lachitatu, 6 Malichi

Kwa Mayi Nambewe a kutchalitchi kwathu. Pakamwa ali napo, akayamba nkhani mpaka tiyi amazizira. Andilandira bwino. Nditatulutsa wailesi nkhope yasintha: "Nthano masana? Mukufuna ndimere nyanga? Bwerani kukada."

Kukada iwo ali pantchito kuchipatala. Kukada inenso ndili pantchito. Tsiku lawo lopuma ndi Lachinayi, langa Loweruka. Ndikuyesa kuganiza Mmalawi wina wamkulu amene amakhala pakhomo madzulo. Palibe. Tonse tinasanduka akadzidzi.

Ndatseka makatani onse, m'nyumba mdima bii. Ati: "Dzuwa simungalipusitse ndi nsalu, mayi."

Munthu woyeza anthu shuga ndi makina tsiku lililonse, kuopa nyanga! Ndaseka panjira. Koma dzulo ndinayamba yanga ija dzuwa lili pamutu. Ndagwira pachipumi ndili m'basi, palibe kanthu.

Lachinayi, 7 Malichi

A Yusufu a ku Mangochi, oyendetsa takisi. Iwo za masana alibe nazo ntchito: "Kuno ndi ku Amerika, achemwali, dinani." Anena ali m'galimoto, injini ikulira. Nthano yokoma zedi: ana atatu a mfumu, wamng'ono amene onse ankamuyesa chitsiru ndiye apambana. Ndatsika ndikuvina mumtima.

Tadala ataweruka ndamuyatsira. Wamvetsera pang'ono, wathamangira buku lobiriwira, watsegula. Nthano yomweyo. Chithunzi chomwe chilipo!

Ndawaimbira a Yusufu. Ati anaimva kwa aphunzitsi awo kupulaimale. Aphunzitsiwo anaitenga kuti? "Ankawerenga m'buku, achemwali."

Ndiye kuti Msikotiyu anafika ku Mangochi ine ndisanafikeko. Agogo a ku Bethesda aseka mpaka kutsokomola. Ati bambo uja ankanena zomwezo, kuti nthano za mitundu yonse n'zapachibale. Ine sizikundiseketsa.

Lachisanu, 8 Malichi

Nzeru zabwera ndikuchapa mayunifolomu. Kuno kukakhala masana, kwathu kwada kale! Achimwene ku Lilongwe ali ndi foni m'nyumba, ndipo azakhali ali komweko, anabwera kudzaonetsa mwendo kuchipatala. Azakhali nthano amazidziwa ngati chala chawo.

Ndafunsa Mayi Nambewe ngati n'zololedwa. Aganiza nthawi yaitali. Ati zitheka, poti nyanga zimamera wonena, osati womvera.

Ndagula khadi loimbira kunja. Mabatire atsopano. Mawa Msikoti aona polekera.

Loweruka, 9 Malichi

Tadala pambali panga, wailesi ndaigundika pafoni. Yalowa!

Moni wa achimwene. Moni wa alamu. Ana, mmodzimmodzi, mpaka wakhanda amusendezera kuti ndimve akulira. Munthu sungamudule moni. Kenako azakhali: tadzuka bwanji, bambo adzuka bwanji, mwendo wawo, mvula, chimanga, maliro a kumudzi ndi amene sanabwere pamaliropo. Ndapepesa maliro. Ati mwana alankhule. Tadala wanena "Ndili bwino, kaya inu," uko nthungululu, aitana onse kuti abwerezenso.

Mphindi za khadi zikutha. Ndapempha nthano. Azakhali akonza kukhosi. "Padangotelo." Ine ndi Tadala: "Tili tonse!" "Panali mkazi wina..."

Mawu a mzungu wa pafoni: khadi latha.

Ndathamangira kusitolo, ndagula lina. Mafoni a kwathu sakulowa. Polowa, achimwene ayambanso moni, kenako ati azakhali agona.

M'kasetimo muli: nyimbo yopanda nkhani, mkonono wanga, injini ya takisi, maliro, ndi mkazi wina amene sitidzadziwa chimene chinamuchitikira.

Lamulungu, 10 Malichi

Kutchalitchi aliyense ali ndi nthano tsopano, koma aliyense ati kukada.

Ndagonja. Tadala akanena ya m'buku lobiriwira, ya ana atatu a mfumu, m'Chizungu. Wandinenera kukhitchini, bwinobwino, ndi manja omwe. Ndamuombera m'manja.

Ndamufunsa kuti aphunzitsi akafunsa amene anakuuza, ukati ndani? Ndimayembekeza kuti mwina anena a Yusufu, kapena azakhali. Wayankha m'Chizungu chake, osakwiya, akupukuta mbale: "Ndikati bambo wa m'bukuyu. Ndiye amandiuza nthano ndisanagone. Inu mumakhala mutapita."

Zandipweteka. Ndipo sananame.

Ndasita yunifolomu yanga ndi diresi lake la mawa. Sitima ya ku Bethesda siyembekeza munthu.