Tsiku limene ndinauzira mapapo a mbuzi

Anthu amati zinthu zikapita zimasanduka nthabwala. Ine patha miyezi isanu, koma ndikangokumbukira Lachinayi lija ndimayamba kutsuka mbale mwaukali mpaka oyandikana nawo amasuzumira. Ndikulemba izi kuti mwina mtima utsike, komanso chifukwa nkhaniyi kuno ku Nathenje ikufotokozedwa molakwika. Ena akuti ndinakomoka m'kalasi. Sindinakomoke. Bwenzi zili bwino ndikanakomoka.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo setifiketi yanga ya ku koleji ili m'felemu pabalaza (m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, osati pamwamba pake, musandipalamulitse). Amuna anga ndi kalaliki ku Mitundu. Amabwera Loweruka pa njinga, fumbi mpaka m'makutu, n'kubwerera Lamulungu. Mwana wathu Tadala ali ndi chifuwa chosamva mankhwala, kukangozizira amapuma ngati kamphaka, ndipo ine ndimangokhalira kuyika khutu pamsana pake. Ku Mitundu chipatala chili pafupi ndi nyumba ya abambo ake, moti munthu ukhoza kuthamangirako wopanda nsapato. Ndinapempha kuti andisamutsire kumeneko. Ku ofesi anandiyankha kuti mphunzitsi amene sanatsimikizidwe pa ntchito sasankha malo. Ayambe abwera a insipekitala, aonere phunziro limodzi, alembe lipoti labwino, kenako tikambirane. Ndiye mukuona, banja langa lonse linakolekedwa pa phunziro limodzi.

Pa holide tinali titaitanidwa ku kosi ku Lilongwe. Kunabwera anthu ochita kafukufuku wa kaphunzitsidwe ka sayansi, ndipo anatiuza kuti mwana akangomva ndi khutu amaloweza ngati nyimbo koma samvetsa. Anati chinthu chimodzi tizichionetsa m'njira zingapo: m'mawu, m'chojambula, m'chofanizira chopanga tokha, ndipo ngati n'kotheka chenichenicho. Ndinalemba zonsezi m'kope n'kudula mzere kunsi. Ananenanso zina pambuyo pake, koma nthawi imeneyo mabere anali atandilemera, ndinatuluka kukayamwitsa pansi pa mtengo.

Ahedi atandinong'oneza kuti a insipekitala afika Lachinayi, ndinayang'ana m'buku n'kupeza kuti phunziro la tsikulo ndi la kapumidwe. Ndinati Mulungu wandiona. Pa dziko lino palibe munthu amene amaganiza za mapapo kuposa ine.

Chojambula sichinavute. Ndinabwereka choko chofiira ndi chobiriwira, n'kujambula munthu wodulidwa pakati, mapapo awiri, ndi mivi yolozera m'mene mpweya umalowera ndi kutulukira. Chofanizira ndinapanga ndi botolo la pulasitiki lodula kunsi, chibaluni m'kati, ndipo kunsiko ndinamangako chidutswa cha chubu cha njinga (chubu cha amuna anga, sakudziwabe). Ukakoka chubucho chibaluni chimafufuma, ukasiya chimaphwa. Ndinasewera nacho mpaka Tadala anaseka. Chinatsala ndi chenichenicho.

Pamsika pathu pali a Che Amidu, opha mbuzi. Lolemba ndinakawagwadira.

"Ndikufuna mapapo athunthu, osadula, osaboola, kholingo lili pomwepo."

"Athunthu? Aphunzitsi, mukufuna kukaika mwa ndani?"

"Ndi a ana a sukulu."

"Ana a masiku ano. Ife tinkadya chimanga chokazinga pa buleki."

Anaseka, koma Lachitatu masana anandipatsa mapapo okongola, ofiirira bwino, opanda bala. Ndinawanyamula ngati khanda. Kunyumba ndinawaika m'poto, n'kuvundikira, n'kukuta ndi nsalu yonyowa pakona pozizira. Kenako ndinathamangira ku bwalo, poti amayi tonse tinkayeserera magule a chipani, ndipo kujomba kumeneko si nkhani yoti munthu wofuna lipoti labwino ayese.

Apa ndiyenera kuvomereza kulakwa kwanga koyamba. M'nyumba munali apongozi anga, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza kulera mwana. Sindinawauze kanthu. Ndinaona ngati kufotokozera munthu wamkulu kuti nyama iyi ndi yophunzitsira kukhala ngati kudzionetsa kuphunzira. Ndipo kunena kuti "musakhudze poto uyu" kwa apongozi, inu amene munakwatiwa mukudziwa kuti nkhani yake imakafika kwa ankhoswe.

Ndikubwerera madzulo dzuwa lisanalowe, ndinamva fungo ndili pa mjigo. Anyezi, tomato, ndi kanthu kena. Ndinayamba kupemphera kuti likhale la kwa ahedi.

"Mwabwera, make Tadala?" anatero apongozi, akutakasa. "Ndiwo zanu zija zinayamba kuitana ntchentche, ndiye ndati ndikupepuzeni ntchito. Koma wogulitsayo anakuberani, wakupatsani ndi kholingo lomwe. Ndaponyera galu."

Ndinagwada, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti zikomo amayi, mwatithandiza. M'mutu mwanga ndinali nditagubuduza poto, mafuwa, ndi khitchini yonse. Ndipo poti ndalonjeza kunena zoona zokhazokha: ndinadya nawo. Zinali zokoma. Zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima kwambiri.

Lachinayi m'mawa ndinathamangira ku msika ndisanapese n'komwe. Pa chipata panali achinyamata a chipani, obweza aliyense wopanda khadi la chipani.

"Khadi, mayi."

Khadi linali m'chikwama china, cha ku magule.

"Achimwene, mukundidziwa. Mng'ono wanu ndimamuphunzitsa ine."

"Inu tikukudziwani. Khadi lanu ndi limene sitikuliona."

Ndinabwerera kunyumba chothamanga, ndinapeza mwana akulira, ndinamuyamwitsa choimirira, ndinatenga khadi, ndinathamanganso. Pofika kwa a Che Amidu, mbuzi yoyamba inali itadulidwa kale, zam'kati zili m'timilu. Yachiwiri anali akuisenda kumene.

"Aphunzitsi, a dzulo aja ana akhoza nawo mayeso kale?"

"Che Amidu, chonde, lero musandiseke."

Anandiyang'ana nkhope, anasiya kuseka, n'kuchotsa mapapowo mosamala. Anali otentha, magazi akadali m'kati. Anandiuza kuti ndiwatsuke kaye ndi kuwakhetsa. Ndinayankha kuti chabwino, koma belu la kusukulu linali litalira kale, ndiye ndinangowakulunga m'masamba a nthochi. Panjira ndinathyola phesi la tsamba la papaya, lija lobowoka m'kati, loti ndiuzirire. Ndinavala bulauzi yanga yoyera kuseri kwa chitseko cha ofesi.

A insipekitala anali bambo wamfupi, wa tayi, wolankhula motsitsa ngati ali pa maliro. Anakhala kumbuyo pa mpando wa ahedi, ana ali pansi mpaka kukhoma. Ndinayamba ndi mawu, m'Chingerezi monga mwa lamulo, ndipo ana anabwereza pamodzi mokweza bwino. Ndinavundukula chojambula, anati aaa. Ndinatulutsa botolo, ndinakoka chubu, chibaluni chinafufuma, ana anadzuka kuti aone. Ndinaba diso kumbuyo ndipo ndinaona cholembera chikuyenda. Mumtima ndinali nditayamba kale kumanga katundu, ndikuganiza kuti mphasa zipita pa ngolo kapena pa lole.

Kenako ndinamasula masamba a nthochi. Ndinalowetsa phesi la papaya m'kholingo, ndinamanga ndi luzi, ndinakoka mpweya, ndinauzira.

Anthuni, zinatheka. Mapapo aja anatupa, anayera, anakula ngati akufuna kudzuka pa tebulo. Ana onse anatong'ola maso. Pa moyo wanga wonse wa uphunzitsi sindinaonepo maso otero. Ndipo chifukwa chonyada, ndinafuna kumwetulira phesi lili m'kamwa.

Zimene ku koleji sanatiuze n'zakuti mapapo akafufuma amabweza okha zimene wawapatsa, ndi zawo zomwe. Thovu la magazi ofunda linakwera m'phesi muja, lina m'kamwa mwanga, lina pa bulauzi kuyambira pakhosi mpaka pa lamba. Tsopano ndiuzeni, mayi wa setifiketi angalavule pamaso pa a insipekitala? Ndinameza. Ana a kutsogolo anaona kholingo langa likuyenda, ndipo mmodzi anati "ameza" motsitsa, mawuwo n'kuyenda mzere ndi mzere mpaka kukhoma. Kenako chiseko chinaphulika, moti a Sitandade 5 anabwera pa mawindo.

Ndinapukuta pakamwa ndi dasitala (inde, dasitala wa choko, ndiye onjezerani ndevu zoyera pa chithunzi chimene muli nacho m'mutu) ndipo ndinamaliza phunziro. Ndinadziuza kuti magazi si kanthu, njira zinayi zonse ndaonetsa, ndani wina m'boma lino anachitapo zotere?

A insipekitala anaimirira, anapempha chilolezo mwaulemu, n'kutembenukira kwa ana. Anayankhula m'Chichewa.

"Ana inu, mwaphunzira bwino. Tsopano aliyense andilozere pamene pali mapapo a munthu."

Manja onse analoza pa bolodi.

"Chabwino. Nanga lero mwaona mapapo a mitundu ingati?"

Anaimika mkono Esinati, mtsikana amene amakhala nambala wani chaka chilichonse, amene ndinkamudalira ngati mzati. Ndinapuma.

"Itatu, sala. A mbuzi, amene amapuma munthu akawauzira. A botolo, amene amapuma ukawakoka kunsi. Ndi a munthu, amene amapuma ndi mivi."

"Mivi?"

"Yofiira yolowetsa, yobiriwira yotulutsa."

Ana onse anagwedeza mitu kuvomereza. Palibe ndi mmodzi yemwe anaseka, chifukwa kwa iwo yankholo linali lokhoza.

"Nanga mbuzi ikakhala kudambo, amaiuzira ndani?"

Wina kumbuyo, mokayika: "Abusa ake?"

"Nanga chubu chimene aphunzitsi amakoka chija, m'thupi mwanu chili pati?"

Anayang'anana. Ena anayang'ana ine, ngati ndawabisira chubu.

Mu ofesi ya ahedi anandipatsa mpando, ine nditafunda chitenje cha akazi a ahedi. Ndinali wokonzeka kukalipiridwa za magazi, ndipo mayankho ndinali nawo. Koma za magazi sanatchule n'komwe.

"Mayi, mwavutika, ndaona. Zipangizo zotere sindinazione kwina. Koma mwawapatsa zinthu zitatu, ndipo apita nazo kwawo zili zitatu. Simunawauze kuti chibaluni chija ndi mapapo omwewa a pa bolodi, kuti botolo ndi chifuwa, kuti chubu ndi mnofu uli pansi pa mapapo awo. Ndipo mbuzi mwaikankhira mpweya, pamene thupi limachita kukoka. Simunawachenjeze kuti pamenepo chitsanzo chanama. Ku kosi kuja ananenetsa zimenezi, kuti njira zikachuluka popanda wozilumikiza, mwana amasokonezeka kuposa amene anangomva mawu. Munalipo?"

"Ndinalipo, bwana."

Ndikanati chiyani? Kuti theka la kafukufuku linandipita ndili pansi pa mtengo, bere lili panja? Ndinafuna kuwafunsa ngati anayamba ayamwitsapo, ngati anayamba athamangapo kawiri ku msika chifukwa cha khadi, ngati anamezapo zimene ndinameza ine chifukwa cha ulemu wawo. Ndinafuna kuwauza za kamphaka kamene kamalira m'chifuwa cha mwana wanga. M'malo mwake ndinati zikomo bwana, mwandithandiza. Sabata imeneyo ndinathokoza anthu ambiri amene ndinkafuna kuwaluma.

Lipoti linabwera patatha milungu itatu. Linati ndine wakhama, wodziwa kupanga zipangizo, ndipo ndionedwenso chaka chamawa. Amuna anga ataliwerenga anati, "Koma akuyamikiratu apa." Sindinawayankhule mpaka anakwera njinga.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo uja sananame. Ndayesa kumupezera bodza, ndalephera. Lolemba lotsatira ndinabwereza phunziro lija, wopanda nyama. Ndinauza mwana aliyense agwire nthiti zake ndi dzanja limodzi, lina pamimba, apume. Ndinkakoka chubu iwo akukoka mpweya, ndinkasiya iwo akutulutsa, wina ataima pa bolodi kuloza pamene tafika. Ndinafufuta mivi n'kuwauza kuti ajambule okha akamva mpweya ukuyenda. Tili m'kati, Esinati anangoti, "Aphunzitsi, ndiye kuti botololi ndine?" Ndipo ndinaona nkhope zikutseguka mzere wonse, mmodzi mmodzi.

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa kalasi. Kunalibe mpando, kunalibe tayi, kunalibe cholembera. Phunziro labwino koposa limene ndinaphunzitsapo linaonedwa ndi nkhuku ya ahedi imene inaima pakhomo, ndipo nkhuku silemba lipoti.

Ndiye ndikadali ku Nathenje. Mwezi wa June ukubwera ndi mphepo yake, ndayamba kale kuluka kajuzi kachiwiri. Anzanga akuti ndaphunzirapo kanthu, ndipo n'zoona, ana anga chaka chino akudziwa pamene pali mapapo awo. Koma musandiuze kuti ndithokoze. Ndinathokoza mokwanira.