Petulo wa Yisiti Wokatengera Tamanda

Lolemba

Tamanda akubwera Loweruka! Agona kamodzi basi, Lamulungu abwerera ku Joni. Mwana wanga mmodzi yekhayo, zaka zapitapo ndikungomumvera pa foni.

Chondiwawa n'chakuti tikamalankhula nkhani imatha msanga. "Muli bwanji ababa, mvula ikugwa?" Basi, foni ndapatsira amake. Ntchito yake sindiimvetsa. Akuti ku labu kwawo amalowa m'kati mwa yisiti, yemwe uja wa mabanzi, n'kumusintha chibadwa kuti azidya ngakhale mapesi n'kumatulutsa mafuta a galimoto. Ine ndimangoti eee, eee.

Ndiye ndaganiza. Mafutawo ndipanga ndekha, ndithira m'kagalimoto kanga, ndikamutenga pofikira mabasi. Tili m'njira ndidzamuuza kuti mwananga, ukuyendera ntchito yako yomwe. Tidzacheza mpaka pakhomo ku Cowdray Park! Petulo wa dziko lino amasakaniza kale ndi wa nzimbe, chovuta n'chiyani? Munthu ndinakonza masitima mpaka imvi, ndigonje ndi kanthu ka m'paketi?

Zofunika:
mgolo
mapesi (kwa a Ncube, oyandikana nafe)
yisiti
amake Tamanda asadziwe

Lachiwiri

Makina osinthira chibadwa ndilibe. Koma nkhuku ndinakwatitsapo, tambala wachizungu ndi thadzi lakumudzi, anapiye ake olimba zedi. Ndiye yisiti wa m'paketi ndamukwatitsa ndi masese otsalira a ku bala. Ine wa mpingo, kukagula masese! Ndalowera khomo lakuseri, chipewa nditachitsitsa.

Ku mpopi kulibe madzi chiyambire sabata yatha. Ndatapa m'mgolo wa amake. Andipeza ndowa ili m'manja. "Abambo, madzi amenewo ndikusungira mwana kuti adzasambe." Ndati mawa abwera ena. Kaya ndalonjezeranji, ngati mpopiwo ndi mlamu wanga.

Chinsinsi chatha tsiku lachiwiri lomwe.

Lachitatu

Mgolo uli zii. Mapesi akungoyandama. Yisiti wakana kudya mapesi, mwano wake! Ndati akhale ndi njala aphunzire. Pofika masana wagonja ndine. Ndakhuthuliramo shuga yense wa m'kabati.

Thovu fwaa! Ali moyo! Ndavina ndekha kuseri kwa nyumba, bondo lachita kulira.

Tiyi wamadzulo wopanda shuga. Amake amwa akundiyang'ana mpaka kapu yatha. Bola akanandikalipira.

Madzi sanabwere.

Lachinayi

Fungo! Lafika mpaka pamsewu.

Alendo a lero:
a Ncube, kudzafunsa ngati kwathu kwafa galu.
Amuna awiri osawadziwa, aliyense botolo m'manja. "Mdala, tototo wapsa?" Ndawauza kuti si kachasu ayi, ndi sayansi. Mmodzi wati sayansiyo ndimuthirireko theka.
Amayi a kumpingo, kudzayeserera nyimbo ndi amake. Aimba vesi imodzi, apemphera monditchula dzina, abalalika.

Tamanda waimba foni. Ndinatsala pang'ono kumufunsa, kodi yisiti wanuyo mumatani naye kuti adye mapesi? Ndaugwira mtima, ndikufuna adzadabwe. Tathera pa mvula. Ndikadangofunsa, abale!

Lachisanu

Tsiku lotcheza. Poto wamkulu wa amake, uja amabwereketsa pa maukwati. Paipi ya m'firiji yakufa. M'mbali ndamata ndi phala.

Madontho ayamba. Ndathira pa supuni, machesi, phu! Moto ukuyaka! Nsidze yakumanzere yapita, koma ukuyaka!

Otsatirawo akuyaka mwaulesi. Omalizira akuzimitsa machesi. Koma chigubu chiyenera kudzaza, ndiye ndasakaniza onse. Mtima unandiuza kuti awa ndi madzi. Ndaunamizira kutopa.

Poto wada bii, pansi wapindika. Amake: "Kagulenitu petulo ngati anthu ena, mwana asadzavutike." Ndayankha kuti za mainjini azisiyire eni ake. Mawu amenewa ndikuwamva kuwawa powalemba.

Ndathira m'thanki. Injini yalira bwinobwino. Otsala ndaika kumbuyo, oti ndikamuonetse.

Loweruka

Ndikulemba pa benchi ya kupolisi.

Galimoto yayenda mpaka petulo wakale wa m'mapaipi atatha. Kenako chifuwa. Kho, kho, kho. Yafera cha ku Thorngrove, pamaso penipeni pa apolisi a pamsewu. Mmodzi wasuzumira pawindo, wabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Baba, mwamwa chiyani m'mawa uno?" Ndati ine sindinamwe, yamwa ndi galimoto. Sanaseke. Atsegula kumbuyo, chigubu. Nsidze imodziyi nayo sinandithandize.

Akuti ndidikire bwana. Foni yazima, moto watha.

Nkhani ya yisiti ndaifotokoza kwa wapolisi woyamba. Waitana mnzake kuti adzamve. Mnzakeyo waitana wina. Aliyense akuti ndiyambire pa tambala. Anthu achilendo ndacheza nawo za ntchito ya mwana wanga tsiku lonse, mwini wake ali pofikira mabasi ndi chikwama, akuyang'ana galimoto iliyonse yodutsa.

Bwana wafika dzuwa litapendeka. Wanunkhiza mkamwa mwanga, wanunkhiza thanki, walanda chigubu. "Pitani baba, muzikapuma, mwakula."

Galimoto ndaisiya komweko. Kunyumba ndapeza Tamanda ali m'tulo pa sofa, nsapato osavula. Anandidikira mpaka masana, kenako anakwera kombi yekha. Amake: "Musamudzutse." Ndangokhala pampando kumuyang'ana. Wawonda pang'ono.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndi nkhope iti?

Ndaperekeza Tamanda wapansi kukakwera kombi, chikwama ndanyamula ine. Ndamuuza zonse, kuyambira masese. Waseka mpaka wakhala pamwala, misozi chuu. Akuti kusintha yisiti mmodzi kumawatengera zaka, anthu ambirimbiri ndi makina, ndipo nawonso amawakanira mapesi. Ndati ndiye kuti mwano ndi wa mtundu wonse. Wasekanso.

Kenako wasiya kuseka. Chichewa chake chimapunduka, koma ichi wachinena chowongoka: "Ababa, yisiti ndimamuona tsiku lililonse. Ine ndinabwerera inu."

Kombi yafika, kondakitala akumenya chitseko. Ndamufunsa pawindo kuti abweranso liti. Wati tchuthi chimavuta, mwina chaka chamawa, mwina chinacho.

Ndaima pamsewu mpaka kombi yakhota. Tsiku limodzi lomwe mwana anandisungira, ine ndalithera pa benchi.