Tsiku lomwe ndinaulula kuti ndimatamba

Mpaka lero a Phiri, mkulu wa mpingo wathu ku Chulu, akandiona ndikubwera amakhotera m'munda wa fodya ngakhale mulibe njira. Sindiwaimba mlandu. Pakamwa pangapa panatsala pang'ono kuwachotsetsa paudindo.

Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, pafamu ina yomwe bambo ankagwirapo ntchito. Kumeneko ankanditchula Mnyasalandi. Bambo atamwalira ndinabwera kwawo kuno, n'kupeza dzina lina likundidikira: Mzimbabwe. Chichewa ndinkayankhula ndithu, koma cha m'nyumba mwathu, chosakanikirana ndi Chishona moti sindinkadziwa kuti mawu ati ndi a kuti.

Itafika nthawi yolemba mayina a makuponi a feteleza, azakhali anga, mlongo wa bambo, anandikokera pambali. "Ena akuti ndiwe mlendo, suyenera kuponi. Ukayankhule ngati mwana wa pano, wamva?"

Tinasonkhana pabwalo la sukulu. Alangizi a zaulimi, cholembera kumanja, anandifunsa chifukwa chomwe sindinabwerere kumsonkhano wa dzulo lake.

"Pepani, ndinaiwala," ndinayankha mwaulemu. "Ndinali kotamba."

(M'Chishona kutamba ndi kusewera basi, ndipo ine ndinkanena bawo. Zoti kuno otamba ndi afiti okha, panalibe amene anandiuzapo.)

Bambo amene ndinakhala naye pabenchi anasendera kumapeto.

"Mwati munali kuti?" anafunsanso alangizi.

Ndinayesa sanamve, ndiye ndinakweza mawu. "Kotamba! Ndi a Phiri awo."

A Phiri anadzambatuka ngati akhalira linthumbu. "Ine? Mwana iwe, ine ndine mkulu wa mpingo!"

"Eya, komatu mumatha," ndinatero pofuna kuwayamikira. "Dzulo lomweli mwandidya katatu."

Amayi ena anagwira pakamwa, ena anayamba kuitana Yesu. Azakhali anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine mutu unangoima. Kodi bawo analetsa liti? Kapena akulu a mpingo saloledwa? Ndinaona kuti ndibwino ndiwateteze a Phiri.

"Chalakwika n'chiyani? Kwathu aliyense amatamba, ndi abusa omwe."

"Kwanu kuti?" anatero alangizi.

Apa ndinakumbukira mawu a azakhali. Ndikati ku Zimbabwe, kuponi yapita. Ndinadziguguda pachifuwa. "Kwathu ndi konkuno ku Chulu!"

Phokoso lake! Amene ankanditcha mlendo ndi amene ankanditcha m'bale anagwirizana koyamba tsiku limenelo, onse akundiloza chala. Ndinaimirira kuti ndithawe, koma sindinadziwe kuti ndilowere kuti.

Anandipulumutsa ndi a Mwale, bambo wachikulire yemwe anakhalapo ku Halale, ku Zimbabwe komweko, zaka zambiri. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anafunsa, "Mphwanga, mumatamba chiyani?"

"Bawo."

Atamasulira, ena anagwa nako kuseka. Ena anangoti "hmm," n'kuyang'anizana. Alangizi analemba dzina langa msangamsanga osandiyang'ana kumaso, ndipo palibe anatsutsa. Sindikudziwabe ngati anandilemba chifukwa ndine mwana wa pano kapena chifukwa cha mantha.

Kuyambira pamenepo mawu aliwonse ndimayamba ndawafunsa kwawo ndisanawatulutse, ngakhale ena amandipulumukabe. Feteleza ndinagula, ndinathira, mvula inagwa bwino. Chimanga changa chaka chimenecho chinaposa cha onse oyandikana nane. Ndikuuzeni zoona, zimenezo sizinathandize mbiri yanga ngakhale pang'ono.