Namondwe, Galimoto Yomwa Kachasu

Pulani inabadwa Lachiwiri masana kwa mayi Malita otcheza kachasu ku Simlemba, pansi pa mtengo wa mango, botolo lachitatu litangotsegulidwa. Nzeru zonse za Saulos zinkadikira botolo lachitatu. Anzake ankamutcha Nduna ya Mapulani, koma poti masiku amenewo dzina la nduna silinali loseweretsa, pagulu ankangoti Mapulani.

"Loweruka kuli msonkhano wa chipani pasukulu," anatero Mapulani akunong'ona. "Matenanti onse a pa esiteti ya Kanyenyeva apita, manijala apita. Angatsale ndani, kuti akafunsidwe khadi? Pashedi pakhala mdala Esau yekha, mabelo a fodya ali mbwee kudikira lole ya ku okushoni. Titapa khumi, dzuwa lisanapendeke tawoloka malire a Zambia."

"Pa petulo wake uti, aise?" anafunsa Cuthbert, amene ankadziwika ndi dzina loti Kammero chifukwa chikho sichinkachedwa m'manja mwake. Funsolo linali lanzeru. Munali mu 1984, nkhondo ya ku Mozambiki itatseka njira, ndipo petulo ankasowa ngati tsitsi pa dzira.

Apa n'kuti wachitatu wawo, Kalekeni, akumwetulira. Uyu ndiye Sipanala, makaniko amene anachotsedwa ntchito m'magalaja atatu chifukwa chokonza zinthu zosawonongeka. Analanda chikho cha Kammero, n'kuthira kachasu pamwala, n'kuyatsa machesi. Kamoto kabuluu kanavina pamwalapo.

"Chimene chimayendetsa Kammero mailosi asanu wapansi," anatero, "chingalephere kuyendetsa galimoto?"

Kammero anayang'ana mwalawo ngati munthu woima pamanda a mbale wake.

Galimoto yake inali pikiapu yakale ya Sipanala, yoyala matabwa kumbuyo, yotchedwa Namondwe ngakhale kuti njinga zinkaipitirira pachitunda. Koma tsopano Sipanala anali ndi chuma. Miyezi iwiri m'mbuyomo lole ina inagubuduzika pafupi ndi mtsinje wa Dwangwa, ndipo pamene anthu ankatola shuga, iye anamasula tabo, chinkhono chachitsulo chimene utsi umazunguza kuti chizipopera mphepo mu injini.

Masiku atatu sanatuluke pansi pa boneti. Anauza mayi Malita kuti akufuna mutu wokhawokha, kachasu woyamba kudontha uja, autchezenso kachiwiri.

"Mukufuna kupha ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndi wa odwala, mayi."

"Odwalawo muwatsanzikiretu."

Timabowo ta mu kabuleta anatikuza ndi sipoko ya njinga, ati kachasu n'ngwopepuka, injini iyenera kumeza kawiri kuposa petulo. Atailiza, inathetheka ngati chimanga m'chiwaya. Anabweza moto pang'ono, n'kuwonjezera kachasu, mpaka kuthetheka kunaleka. Kenako anaona kavalavu kamene kamataya mphepo ikachuluka. Anakamanga ndi waya.

"Azungu ndi amantha," anafotokoza. "Mphepo yabwinobwino n'kumaitaya?"

Paipi ya utsi anaidula, inathera pansi penipeni pa matabwa, ati tabo ipume bwino.

"Nanga mabuleki?" anafunsa Mapulani.

"Amwene, tikupita kukaba kapena kukaima?"

Kammero anapatsidwa ntchito imodzi yokha. Panali zigubu ziwiri zofanana, china cha madzi oziziritsira injini, china cha kachasu wapadera. Anauzidwa kulemba mtanda ndi khala pa cha kachasu. Analembadi, ndipo pochiteteza anachikumbatira njira yonse, mpaka mtanda wonse unasamukira pa malaya ake.

Loweruka, dzuwa lili paliwombo, Namondwe anaima pashedi akununkha ngati ukwati. Mapulani anali atakonza bodza lalitali, la kalata yochokera ku Lilongwe ndi lole yofera panjira. Silinafunike n'komwe. Mdala Esau, mlonda wogontha khutu limodzi, anangoona galimoto n'kudzuka.

"Mwafika a ku okushoni? Yewo, yewo. Mwachedwatu!"

Anatsegula yekha chitseko. Anawathandiza kukweza mabelo. Atafika pa khumi, anawakakamiza kuti awonjezere lina, malo alipo. Powatsanzika anawapatsa chinangwa chowotcha.

Tsono apa munthu wanzeru akanayenda pang'onopang'ono, akuimba mluzu. Kumbuyo kunalibe wowathamangitsa, ngakhale galu. Koma Sipanala sanagone pansi pa galimoto masiku atatu kuti ayende ngati ngolo. Atangotuluka pageti, anaponda.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako tabo inayamba kulira, kamluzu kakang'ono kamene kanakula mpaka kubaya m'makutu, ndipo Namondwe anadumpha ngati wapsa ndi chitsulo. Zigafa zinkadutsa ngati mipanda. Nkhuku ina inalowa pawindo ili, n'kutulukira linalo.

"Sikisite!" anakuwa Sipanala, maso ali pa muvi wa liwiro. "Sevente!"

"Yang'ana msewu!"

"Eyite, amwene! Eyite!"

Njira ya kumalire inkapatukira kumanzere, pa mtengo wa mkuyu. Mapulani anauona mkuyuwo ukubwera, anauona ukudutsa, anauonanso ukuchepa kumbuyo. Sipanala anaponda buleki, phazi linangofika pansi ngati waponda papaya lakupsa. Msewu umene anatsala nawo unali umodzi, wopita kusukulu.

Ndi Kammero amene anayamba kununkhiza.

"Ndani akusuta?"

"Palibe akusuta."

"Koma ndi fodya wabwinotu ameneyu."

Anacheuka onse. Paipi yodula ija inali itafiira, matabwa atagwira, mabelo apansi akunyeka. Mphepo ya liwiro inkakoleza moto bwino kuposa mvukuto. Kumbuyo kwawo utsi woyera unali utagona pachigwa chonse, mzere umodzi kuchokera pageti la esiteti mpaka pamene anali. Chiyambire, Kasungu anali asanaonepo ndudu yaikulu choncho, yoyenda pa mateyala.

Ndipo pamenepo injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Sipanala anali atawerengera mtunda ngati akuyendera petulo, kuiwala kuti iye mwini anaiphunzitsa kumeza kawiri. Namondwe anayenda yekha chamchetechete, kutsika kamtsetse, kudutsa pakati pa mbendera ziwiri, n'kukaima bwinobwino m'mphepete mwa bwalo la sukulu.

Ng'oma zinaleka. Amayi amene ankavina anaima miyendo ili m'malere. Anthu mazanamazana anatembenuka.

Nthawi inalipobe, pang'ono. Mapulani analumpha.

"Sipanala, kachasu m'thanki! Kammero, madzi pamoto! Changu!"

Zigubu ziwiri, zofanana ngati mapasa, popanda mtanda. Kammero, katswiri amene akanatha kusiyanitsa ndi mphuno ali mtulo, mphuno yake inali itadzaza utsi. Anatola chimodzi, Sipanala chinacho. Sipanala anakhuthulira chake m'thanki mosamala, osataya dontho. Kammero anakapiza chake pamabelo.

Phuu!

Nsidze za Kammero zinapita, chipewa cha Mapulani chinapita. Sipanala anali m'kati, akupotokola kiyi, akuchonderera injini yodzaza madzi kuti ilire.

Achinyamata a chipani a malaya ofiira anathamanga, koma amene anayamba kufika ndi amayi. Patsogolo panali mayi Esitere, tenanti wa pa Kanyenyeva. Anakoka belo limodzi limene linali lisanagwire moto, n'kuona nambala yolembedwa pachiguduli. Inali ya banja lawo. Fodya ameneyo anamuthirira kunazale ndi ndowa, anamusoka ndi ana awo mpaka zala kuchita matuza.

Anavula mpango, n'kuumanga m'chiuno.

"Amayi, ndowa! Ena mchenga! Awa atatuwa akhale pansi, tiwaona bwino tikatha."

Anapulumutsa mabelo anayi. Atatha, anawaonadi bwino, moti apolisi atafika, Mapulani ndi amene anayamba kukwera m'galimoto yawo, osauzidwa.

Kupolisi ku boma, sajeni anatenga cholembera. Mapulani anati iye anangopemphako matola. Kammero anati sakukumbuka kanthu, ndipo mwina ankanena zoona. Itafika nthawi ya Sipanala, anavomera zonse, tabo, sipoko, waya, mabelo khumi ndi limodzi.

"Uli ndi china chowonjezera?" anafunsa sajeni.

"Chilipo, bwana. Mwalemba kuti tinkathamanga liwiro lanji?"

"Ndalemba kuti mopyola muyeso."

"Ayi, bwana, chonde. Mulembe nayinte. Pa msewu wafumbi, ndi katundu, pa kachasu."

Sajeni anayika cholembera pansi.

"Ukudziwa kuti zimenezo zikuwonjezera mlandu?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma mukapanda kulemba inu a boma, ndani adzakhulupirire?"

Sajeni analemba. Woweruza anapatsa Mapulani ndi Kammero zaka zinayi aliyense. Sipanala anamupatsa zisanu, ndipo atawerenga nambala ija mokweza m'khoti, Sipanala anatembenukira anthu n'kuwerama.