Ng'ombe yopanda ntchentche

Lolemba

Sabata yomaliza kuno kwa mwana wanga Tadala ku New Zealand. Lamulungu ndikwera ndege kubwerera ku Namitete. Masabata asanu athera pa kusambitsa mdzukulu ndi kuchapa matewera.

Ndilembe poyera kuti ndisadzinamize. Tsiku lotsanzikana, pamalo pathu poperekera mkaka, ndinaimirira pamaso pa gulu lathu lonse la alimi a mkaka n'kunena kuti: "Komwe ndikupitako ndikakama ng'ombe yawo ndi manja angawa, pansi pa phiri lawo lija linkalavula moto. Chithunzi mudzachiona." ANankhoma, mayi amene sitinagwirizanepo chilichonse chiyambireni gululi, anati: "Inu amake Tadala, kumeneko akuitanirani matewera, osati ng'ombe." Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Zofunika:
1. Ng'ombe imodzi yokamidwa.
2. Phiri.
3. Wojambula wosanjenjemera manja.

Chidebe chatsopano ndagula. Epuloni ya gulu ndasita. Phiri lokha silikuoneka. Tadala akuti lilipo, kuseri kwa nyumba kumene. Ine ndikuona mtambo.

Kumudzi, ng'ombe yanga Dona ikukamidwa ndi bambo a Tadala. Pafoni akuti zonse zili bwino. Akatero ndiye kuti sizili bwino.

Lachiwiri

Mkamwini, mzungu wakonkuno, wandikumbatiranso m'mawa. Mpongozi! Ndasiya kumuuza.

Watitengera ku famu ya mnzake. Ng'ombe mbwee, mpaka kukafika kunyanja yamchere. Khola palibe. Womweta nsenjere palibe. Udzu wobiriwira mu Juni! Dothi lakuda bii, akuti ndi phulusa la phiri lija. Ndafinya m'manja, mtima wandiwawa.

Ndikumanga epuloni, ndikutulutsa chidebe. Mlimi akuseka. Tadala akumasulira: "Akuti zonse anaziumitsa, anasiya kuzikama mwezi watha, amayi. Zili ndi bere. Ziyamba kubereka kumapeto kwa Julayi."

Zonse? Zonse. Nthawi imodzi.

Kwathu umaumitsa ng'ombe imodzi, ya mnzako ikukamidwa. Kuno dera lonse lapangana. Tiyi amene watipatsa mlimiyo wathira mkaka wa m'golosale, ng'ombe zake zikutiyang'ana pawindo. Akuti Juni ndi mwezi wopuma. Mlimi, kupuma! Ndauza Tadala amuuze kuti umenewo ndi ulesi. Sindikudziwa zomwe wanena, koma bamboyo wathokoza.

Masabata asanu ndakhala ndikuzidutsa ng'ombezi pagalimoto, osaona kuti mawere ndi ofota. Ine!

Phiri: mtambo.

Lachitatu

Mkamwini waimba mafoni m'mawa wonse. Wapeza famu imodzi yomwe imakama ngakhale nyengo yozizira. Ulendo wautali, mdzukulu akulira njira yonse.

Tafika. Atiponditsa m'madzi a mankhwala, zimenezo ndikugwirizana nazo. Kenako atiimika kuseri kwa mpanda wa zitsulo. Ng'ombe zikukwera zokha pa chinthu chozungulira, makina akuyamwa, ng'ombe zikutsika. Palibe woitchula dzina. Palibe woisisita.

Chingerezi changa ndinaphunzira pa mabotolo a mankhwala a ng'ombe, koma chakwana kupempha imodzi yokha. Mayi woyang'anira wakana. Akuti ng'ombezi sizidziwa dzanja la mlendo, zindiponda, ndipo malamulo salola. Ndamuonetsa chipsera cha pabondo chomwe Dona inandipatsa ili yaing'ono. Wachiyamikira. Wakanabe.

Pobwerera, foni. Bambo a Tadala aulula. Dona yawamenya theche dzulo, yataya chidebe, kuyambira pamenepo sikulola. Mawere atupa, auma gwa. Ndakalipa mpaka mdzukulu wasiya kulira kuti amvetsere. Ndawauza: pezani munthu wodziwa kukama lero lomwe, apo ayi ndikapeza ng'ombe yowonongeka, ndipo inu mukagona m'khola mwakemo.

Phiri: mtambo ndi mvula.

Lachinayi

Mkamwini akuti ilipo ng'ombe ina yomwe palibe angandiletse kuigwira. Ndanyamula chidebe.

Ndi nyumba yoonetsera zaluso, m'tauni. Tauni inotu ili ndi nyumba zotere zambiri kuposa zigayo za pa Nsaru. Zomwe ndaona:
Phiri lojambulidwa lofiira.
Phiri lojambulidwa lobiriwira.
Phiri lojambulidwa chozondoka.
Mulu wa mchenga wakuda wozingidwa ndi chingwe, wosaloledwa kuponda.
Ng'ombe ya malata akale. Amene anaiwotcherera ndi mkamwini wanga. Ndiye ntchito yake imeneyo, ndadziwa lero.

Anthu aizungulira, manja kumbuyo, chete ngati pamaliro. Mkamwini wandifunsa maganizo anga. Wafunsa yekha! Ndamuuza: miyendo yakumbuyo ndi ya mbuzi, mawere waika atatu, ndipo malatawo akanafolera khola la Dona n'kutsalako. Ulendo uno Tadala wamasulira zonse, ndamuyang'anitsitsa. Mkamwini wasangalala. Mayi wina wa tsitsi lofiirira walemba mawu anga m'kabuku. Anthu akuno sadziwa kunyozedwa.

Bambo a Tadala akuti munthu wapezeka. Ndafunsa ndani. Netiweki yadukira pomwepo.

Lachisanu

Ndataya mtima. Tadala akuti tikaone nyumba yosungira zinthu zakale, mwana apitidwe mphepo. Epuloni ndavala chifukwa cha masanzi a mdzukulu basi.

M'katimo muli ng'ombe yaikulu ngati Dona, yakuda ndi yoyera. Yapulasitiki. Mawere a labala, m'kati mwake madzi. Ndi yoti ana a sukulu adziwe komwe mkaka umachokera. Kukhoma kumbuyo kwake ajambula phiri lonse, lopanda mtambo.

Tadala: "Amayi, bwanji osayesako?" Ndamuuza kuti sindinawoloke nyanja kudzakama chidole.

Ndiye pabwera bambo wina kudzaonetsa ana ake. Akukoka bere ngati chingwe cha belu la ku tchalitchi! Kukoka, kupotokola, kukoka. Ikanakhala yamoyo akanatuluka wopanda mano. Ndapirira. Ndalephera. Ndamusuntha, ndakhala pakampando, mutu ndatsamiritsa pamimba pa ng'ombe. Chala chachikulu ndi cholozera zitseke pamwamba, zinazo zifinye motsatana. Osakoka! Tsiii, tsiii, chidebe chawo chadzaza. Ana awomba m'manja. Ndaphunzitsa asanu ndi mmodzi, ndi bambo uja yemwe.

Mkamwini wajambula. Manja ake sananjenjemere.

Loweruka

Tadala watumiza chithunzi chija ku gulu lathu la pafoni. Osandifunsa!

Ndadzuka foni itadzaza.
"Koma amayi inu, mwatiimirira!"
"Yonenepa bwanji!"
"Yofatsa, osaimanga n'komwe miyendo."
"Phiri lake ndi limenelo eti?"
Apampando akuti achitsukitsa, achipachike pakhoma pamalo operekera mkaka.

Zonse zomwe ndinkafuna. Nanga bwanji sindikukondwa?

Kumapeto kuli uthenga wa mawu wa aNankhoma: "Mwakwanitsa, amake Tadala, tavula chipewa. Koma ng'ombe zakumeneko zilibe ntchentche eti? Ndi pansi pomwe pali waliwali, ndowe osaoneka. Dziko labwino."

Ndaumvetsera kanayi. Si chifukwa cha ntchentchezo. Kumbuyo kwa mawu awo kukulira ng'ombe, ndipo kulira kumeneko ndikukudziwa. Ndi Dona. Kukumvekanso mkaka ukugwera m'chidebe changa chophwanyika m'mbali chija.

Ndaimbira bambo a Tadala. Netiweki lero ili bwino, ndawachenjeza. Akuti: "Nanga ndikanatani, mayi? Ndi okhawo amene Dona sinawamenye." Kuyambira Lachitatu aNankhoma akubwera kawiri pa tsiku, akatha kukama yawo. Akumathowa mawere ndi madzi ofunda. Kutupa kwatha.

Ndatuluka, ndayenda m'mbali mwa nyanja. Mchenga wakuda, mphepo yoluma, madzi osamweka. Tadala wanditsatira: "Ingosiyani, amayi, palibe adziwe." Alipo akudziwa. Ali m'khola mwanga.

Lamulungu

Kwacha kopanda mtambo. Phiri ilo! Lalikulu, losongoka, pamwamba poyera mbee. Linalidi kuseri kwa nyumba. Pansi pake ng'ombe zenizeni zikudya udzu, mawere ofota. Tili m'galimoto, tachedwa ku bwalo la ndege. Mkamwini akufuna kuima kuti andijambule. Ndamuuza ayendetse.

Ndatumiza mawu ku gulu: "Anzanga, ng'ombe ija ndi yapulasitiki, m'chidebemo munali madzi, phirilo ndi la pakhoma. Zenizeni anaziumitsa. Musatsukitse chithunzi. Matewera ndiye ndachapa, ambiri."

Apampando atumiza tinkhope toseka mzere wathunthu. Ena onse atsatira. Andiseka mpaka mvula idzagwe, ndikudziwa.

ANankhoma ayankha mochedwa: "Tinaona kale. Koma kagwiridwe kanu ka bere n'kolondola, chithunzicho tiphunzitsira atsopano. Fulumirani, ng'ombe yanuyi ili ndi mtima ngati mwini wake."

Mkamwini wandikumbatira. Ndamuleka. Wandipatsa kang'ombe ka malata, mawere anayi.

Chidebe chatsopano chija ndalongedza, mkaka sichinalawe. Ndi cha aNankhoma. Ndikapereka ndekha, pamaso pa gulu. Koma zikomo ndikanena kamodzi kokha.