Tsiku Limene Nyemba Zanga Zinatseketsa Msewu ku Partick

Pali msewu wina ku Partick, muno mu Glasgow, umene ndikamayendamo masiku ano ndimaweramitsa mutu ngati ndataya singano. Tsoka lake ndi loti ndimakhala mumsewu womwewo. Nkhaniyi ndaibisa kokwanira, ndipo poti kumpingo aliyense akuithira mchere wake, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta pakampani ina ya inshulansi, koma imene ndinadzilemba ndekha ndi yaukatswiri wa nkhondo. Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine, palibe mzinga umene unaphulika ine osaufotokoza pagulu la pafoni la abambo a kumpingo. Ndinkadziwa zimene a Russia akuganiza, zimene Amereka adzachite akadzatopa kuteteza anzawo, ndiponso chifukwa chimene azungu a ku Ulaya akuchedwera kugula zida. (Mfuti sindinaigwirepo. Ngakhale legeni ndili mwana inkandikanika.)

Munthu wodziwadi zinthu m'nyumba mwathu ndi akazi anga, amake Tadala. Iwo ndi injiniya, ndipo nthawi imeneyo anali atangopeza ntchito kumalo opangira sitima zankhondo m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ntchito imeneyi anaisakasaka zaka zambiri, uku akugwira maganyu osayenerana ndi sukulu yawo. Chinatsala chinali chimodzi: aboma awafufuze, iwo ndi apabanja pawo, aone ngati ndi anthu oti angasunge chinsinsi. Kafukufukuyo akapanda kuyenda bwino, ntchito yathera pomwepo.

"Bambo a Tadala," anandiuza, "miyezi imeneyi mungokhala phee. Musachite chilichonse choti wapolisi adziwe dzina lanu."

"Ine?" ndinayankha. "Ndinayamba ndavutapo ine?"

Anangopitiriza zimene ankachita. Ine ndinaona ngati avomereza.

Patapita sabata ndinamva pawailesi kuti mayiko ena a ku Ulaya akulangiza anthu awo kusunga chakudya ndi madzi a masiku atatu, kuopa kuti zinthu zingasokonekere. Masiku atatu. Ndinaseka mpaka tiyi kutayika. Anthu awa njala amaiwerenga m'mabuku basi. Ine ndinakulira ku Ntcheu, chaka cha njala ndinachiona ndi maso angawa, ndipo malamulo a malemu bambo anga ndimawakumbukira onse. Chakudya amasunga cha miyezi. Nyemba amazisakaniza ndi phulusa kuti zisafumbwe. Ndipo lalikulu pa onse, suuza munthu, chifukwa mnansi akangodziwa, m'mawa mwake upeza mbale zitandandalika pakhomo. Bambo aja ngakhale amayi sankawauza kuti matumba atsala angati.

Ndinagula ndowa zinayi zokhala ndi zivindikiro. Ziwiri ndinadzazamo ufa. Yachitatu ndinaikamo nyemba, ndipo phulusa lake ndinakawola kupaki tsiku limene mpingo unawotcha kanyenya. (Abusa anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndimakonda ukhondo. Ndinalandira ulemuwo modzichepetsa.) Yachinayi ndinalongedzamo usipa wouma umene mnzanga anabwera nawo kuchokera kumudzi, makandulo, machesi, mabatire, ndi kawailesi kakale kamene waya wake wautali sanakwane mkati, moti ankalendewera kunja. Zonse ndinazimata ndi tepi yakuda. Kenako ndinalemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu: NKHONDO 1, NKHONDO 2, mpaka 4. Ndinalemba m'Chichewa dala, kuti mzungu akaona asadziwe kuti muli chakudya.

Nyumba yathu ndi ija yamiyala yakalekale, mabanja asanu ndi atatu khomo limodzi, masitepe amodzi. Pansi pa masitepewo pali kachipinda kamene anthu amaponyamo njinga zakutha. Ndinatenga tchuthi cha tsiku limodzi, ndinadikira masana anthu onse ali kuntchito, ndipo ndinalowetsa ndowa imodziimodzi, nditaphimba kumutu chifukwa cha mvula, ndikuyang'ana uku ndi uku. Pamwamba ndinafunditsapo chitenje cha amake Tadala. Chimene ndinaiwala ndi chakuti mayi Moira a m'nyumba yapansi anapuma pantchito kalekale, ndipo ntchito yawo masiku ano ndi zenera.

China chimene bambo anga sanandiphunzitse ndi chinyezi cha Glasgow. Usipa wouma ukakhala m'chinyezi chimenechi milungu itatu umayamba kulankhula. Ndinkalimva fungolo ndikamakwera masitepe, koma ndinkadandaula limodzi ndi anzanga kuti mapaipi a nyumba zakalezi ndi ovuta.

Lachisanu lina madzulo, nditatuluka musitima yoyenda pansi pa nthaka, ndinapeza msewu wathu atautseka ndi tepi ya apolisi. Magalimoto awo ali ndandanda, yozimitsa moto ili pakona, anansi onse ali panja, ena ndi masilipasi, wina atanyamula mphaka. Amake Tadala anali pomwepo.

"Akuti apeza zinthu zokayikitsa," anatero. "Atulutsa anthu msewu wonse."

Abale, mtima wanga unadumpha, ndipo ndivomereze kuti sanali mantha. Chinali chimwemwe. Zaka zonsezi anthu akundiseka pagulu, lero nkhondo yabwera yokha pakhomo panga kudzandichitira umboni. Ndinatulutsa foni n'kujambula uthenga wa mawu wopita kwa abambo a kumpingo. "Ndinanena ine," ndinayamba motero. Ndinawakumbutsa kuti sitima zoyenda pansi pa madzi zonyamula mabomba oopsa zimagona kufupi ndi mzinda uno, ndiye mdani akafuna kusokoneza Ulaya ayambira kuti? Ndinati nkhondo ya masiku ano sibwera ndi akasinja, imabwera mwakachetechete kudzera mwa munthu wooneka wofatsa amene mumapatsana naye moni pamasitepe. Uthenga wa mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinatumiza.

Kenako ndinatembenukira kwa mayi Moira kuti nawonso ndiwaphunzitseko.

"Ndazipeza ndine, mwana wanga," anatero. "Ndimatsatira fungo. Ndowa zinayi zomata, waya akutuluka, ufa wotuwa utatayikira pansi. Mawu olembedwapo ndinawafunsa pafoni, akuti amatanthauza nkhondo. Ndipo tsiku lina ndinaona munthu wophimba kumutu akuzilowetsa."

Ndowazo ndinazizindikira. Komabe, taonani mmene mutu wa katswiri umagwirira ntchito, ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mwina mu Partick muno muli Mmalawi wina wa ndowa zinayi.

Posakhalitsa pakhomo pathu panatuluka munthu atavala chovala chokhuthala ngati matiresi, atanyamula pepala la pulasitiki. Mkati mwake munali nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Amake Tadala anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala," anatero motsitsa mawu, "chitenje chijatu ndakhala ndikuchifuna milungu itatu."

Ndinayamba kuyang'ana nsapato zanga.

"Mupita nokha kwa wapolisi uyo, kapena ndikuperekezeni?"

Ndinapita ndekha. Sindikufunira munthu aliyense, ngakhale mdani wanga, kuti adzafotokozere wapolisi wa ku Scotland chifukwa chothirira phulusa m'nyemba. Anandifunsa ngati tizilombo tofumbwitsa nyemba ndinayamba ndationapo ku Glasgow. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti sitolo ili pakona ndipo imatsegula tsiku lililonse. Ndinati inde. Mlandu sananditsegulire, koma dzina langa analilemba bwinobwino, n'kundipempha kuti ndiwatchulire chilembo chimodzichimodzi.

Kunyumba kunalibe kukalipa. Ndikanakonda akanakalipa. Amake Tadala anakhala patebulo n'kulemba okha kalata yodziwitsa ofufuza aja zimene zachitika, misozi ikugwera pakompyuta. Apo ndiye ndinachita mantha enieni. Zaka zawo zonse za sukulu ndi za kupirira ndinali nditaziika m'ndowa n'kumata ndi tepi.

Patatha milungu iwiri kunabwera mayi wina waboma atanyamula fayilo. Anandifunsa ngati ndili m'gulu lililonse. Ndinatchula la abambo a kumpingo. Anapempha kuona zimene ndimalembako, ndipo ndinakakamizika kumasulira uthenga wanga uja m'Chingerezi, mzere ndi mzere, mmene ndinkaloza dziko la Russia chala chifukwa cha nyemba zanga zomwe. Pa mawu aja a munthu wofatsa wa pamasitepe anandiuza kuti ndibwerezenso pang'onopang'ono.

Pomaliza anatembenukira kwa akazi anga. "Inu mukuona kuti amuna anu ndi munthu woopsa?"

"Ayi," anayankha. "Ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu. Palibe amene anawatuma, ndipo palibe amene angawatume. Ndi munthu wa mtima wabwino, kungoti ndi chitsiru."

Mayi uja analemba, kenako anandiyang'ana. "Bambo, mukugwirizana nazo?"

Mkamwa mwanga munali mutadzaza kale mayankho, ena mpaka okhudza mbiri ya Ulaya. Koma ndinayang'ana amake Tadala n'kukumbukira ntchito yawo ija.

"Ndikugwirizana nazo kwathunthu," ndinatero.

Anandipatsira cholembera ndipo ndinasaina. Ntchito ija anawapatsa patapita miyezi iwiri. Ndiye mukamamva kuti Ulaya akulimbitsa chitetezo, dziwani kuti nanenso ndinaikapo dzanja: mu ofesi ina ya boma la Britain muli pepala lonena kuti ndine chitsiru, ndipo siginecha ili pansi pakeyo ndi yanga.